Chikho chomwe sichinaolokepo Sahara

Lamulungu lililonse masana, anyamata a kwathu okhala muno mu Pretoria amasonkherana timarandi n'kubwereka kabwalo ka mpira kwa ola limodzi. Ndi timabwalo ta kapinga wapulasitiki tija, totchingidwa ndi ukonde mbali zonse, tomwe tangoti mbwee m'mizinda ya South Africa. Asanu mbali ino, asanu mbali inayo. Ena amagwira ntchito yosamalira maluwa m'makomo a anthu, ena m'malesitilanti, ena ndi ophunzira. Tsiku lina tikupumulira ndinafunsa ngati alipo amene akudziwa kuti Africa ili ndi chikho cha mpira wa anthu asanu, ndiponso kuti dziko tikukhalali linachititsapo mpikisanowo mu 2016 ku Johannesburg, ulendo wa ola limodzi lokha kuchokera pamene tinakhalapo. Mmodzi anaseka chikhakhali nati, "Achimwene, chikho chimenecho amamwera ndani?"

Ndi funso limeneli lomwe ndikufuna kuyankha. Mpikisano wa futsal wa matimu aamuna a mayiko a mu Africa unayamba mu 1996, ndipo pofika 2024 unali utachitika kasanu ndi kawiri. Mndandanda wa zotsatira zake ndi waufupi kwambiri, wokwana pa chikhatho. Koma munthu akauwerenga modekha, umaulula zambiri za momwe bungwe la CAF limaonera masewero opanda ndalama, za zomwe mabungwe athu a mpira kuno kummwera amazitenga ngati zofunika, ndi za amene amalipira andale akagwirizana chochita. Pa nkhani yotsirizayi, mzinda uno wa Pretoria uli pakatikati.

Futsal si mpira uja timasewera Lamulungu

Tiyambe ndi kusiyanitsa zinthu ziwiri zomwe ambiri amazisokoneza. Mpira wa pa kapinga wapulasitiki, womwe umagunda ukonde kapena khoma n'kubwerera m'bwalo, si futsal. Futsal imaseweredwa pansi pouma ndi posalala, pa matabwa kapena pa simenti yokutidwa, kawirikawiri m'holo. Bwalo la masewero a pakati pa mayiko limakhala la mamita pafupifupi 40 m'litali ndi 20 m'lifupi, ndipo golo ndi la mamita atatu m'lifupi ndi awiri m'mwamba. Mpira wake ndi wocheperako komanso sunjanja kwambiri, motero umakonda phazi kuposa mutu. Timu imakhala ndi osewera asanu kuphatikizapo goloboyi, ndipo mphunzitsi angasinthe osewera kangati konse kamene wafuna. Chigawo chilichonse ndi mphindi 20, koma wotchi imaima mpira ukatuluka. Mpira wotuluka m'mbali saponya ndi manja, amauyambitsa ndi phazi, ndipo wosewera ali ndi masekondi anayi okha. Timu ikachita mafaulo asanu m'chigawo chimodzi, faulo yachisanu ndi chimodzi imapatsa adani mwayi womenya mpira pa mamita 10 popanda mpanda wa anthu kutsogolo.

Malamulo amenewa amabala masewero a nzeru ndi liwiro. Palibe kobisala. Wosewera waulesi amaonekera pa mphindi yoyamba. Masewerowa anayambira ku Montevideo m'dziko la Uruguay mu 1930, pamene mphunzitsi wina dzina lake Juan Carlos Ceriani ankafuna mpira woti ana asewere m'holo ya YMCA. Anakulira ku Brazil, ndipo dzina loti futsal ndi chidule cha mawu a Chipwitikizi ndi Chisipanishi otanthauza mpira wa m'holo. FIFA inachititsa mpikisano wake woyamba wa dziko lonse mu 1989 ku Netherlands. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti mwa matimu awiri omwe anaimira Africa kumeneko, imodzi inali Zimbabwe, inzake Algeria. Ndiye kuti kuno kummwera tinalipo pachiyambi penipeni. Sitinachedwe kufika. Tinangochoka msanga.

Zotsatira zake

Mpikisano woyamba wa Africa unachitikira ku Cairo mu 1996 ndipo matimu anali asanu okha. Egypt inatenga chikho, Ghana inakhala yachiwiri, Zimbabwe yachitatu, Somalia yachinayi. Mu 2000 anabwereranso ku Cairo, matimu atachepa kufika pa anayi. Egypt inapambananso, kutsatiridwa ndi Morocco, Libya ndi South Africa. Mu 2004 panalibe dziko limodzi lochititsa. Matimu ankachezerana, kusewera kwawo ndi koyenda, ndipo mu ndime yotsiriza Egypt inagonjetsa Mozambique n'kutenga chikho kachitatu motsatizana.

Mu 2008 mpikisano unapita ku Tripoli ndipo matimu anali khumi, chiwerengero chachikulu kuposa zaka zonse tatchulazi. Libya inagonjetsa Egypt 4-3 m'nthawi yoonjezera. Morocco inakhala yachitatu, Mozambique yachinayi. Kenaka kunangoti zii. Mpikisano womwe unayenera kuchitikira ku Burkina Faso mu 2011 unalephereka, ndipo CAF inangokonza masewero opezera matimu opita ku chikho cha dziko lonse cha 2012 ku Thailand. Zaka zisanu ndi zitatu zinadutsa Africa ilibe katswiri watsopano.

Mu Epulo 2016 mpikisano unadzukira ku Johannesburg. Morocco inagonjetsa Egypt 3-2 n'kutenga chikho koyamba. Mozambique inakhala yachitatu, Zambia yachinayi. Mu 2020 masewero anachitikira ku Laayoune, ndipo Morocco inachapa Egypt 5-0 mu ndime yotsiriza. Angola inakhala yachitatu, Libya yachinayi. Mu Epulo 2024 ku Rabat, Morocco inagonjetsa Angola 5-1. Libya inalanda malo achitatu kwa Egypt pa mapenate, ndipo Egypt, yomwe inkapita ku chikho cha dziko lonse mosaphonya kuyambira 1996, inatsala kunyumba.

Basi, mbiri yonse kufika mu 2024 ndi imeneyi. Egypt katatu, Libya kamodzi, Morocco katatu.

Zomwe mndandandawu ukunena

Choyamba chimaoneka ndi aliyense: chikho sichinatsikepo kummwera kwa Sahara. Ghana, Mozambique ndi Angola zinafikapo pa malo achiwiri, iliyonse kamodzi, koma palibe inachigwira.

Chachiwiri chimafuna kuyang'anitsitsa. Mwa mipikisano isanu ndi umodzi yomwe inali ndi dziko lochititsa, isanu inatengedwa ndi timu ya bungwe lomwe linakonza. Egypt inakonza kawiri n'kupambana kawiri, Libya inakonza kamodzi n'kupambana, Morocco inakonza kawiri n'kupambana kawiri. Wochititsa yekhayo amene analephera ndi South Africa. Wina anganene kuti ndi mwayi wa pakhomo. Ine ndikuona mosiyana. Dziko limadzipereka kuchititsa futsal pokhapokha ngati lili kale ndi chidwi ndi futsal, popeza mpikisanowu subweretsa ndalama za pa televizioni kapena alendo ochuluka. Choncho chikho chakhala chikungotsatira holo ndi ndalama za aliyense amene watsegula chitseko. CAF sinamange mpikisano. Yakhala ikuubwereketsa kwa amene wavomera kulipira.

Chachitatu ndi kuchepa kwa masewero. Kasanu ndi kawiri pa zaka 28, ndipo nthawi zonse m'chaka chomwe chikho cha dziko lonse chinkayenera kuchitika. Izi zikusonyeza kuti kwa CAF mpikisanowu ndi chipata chabe chosankhira oimira Africa ku FIFA, osati chikho chokhala ndi moyo wakewake. Taonani anzathu a ku Asia: anayamba mu 1999, ankasewera chaka chilichonse mpaka 2008, kenaka zaka ziwiri zilizonse, ndipo amakhala ndi matimu 16. Ulaya inayamba mu 1996 monga ife, koma kwa zaka zambiri inkasewera pafupifupi zaka ziwiri zilizonse, ndipo mu 2022 inafika pa matimu 16. Africa, yomwe CAF yake ili ndi mamembala 54, inali idakali pa matimu asanu ndi atatu mu 2016, 2020 ndi 2024. Wosewera wa futsal wa ku Lusaka kapena ku Beira amene anali pa msinkhu wabwino kwa zaka khumi ankatha kuona mpikisanowu kawiri, mwina katatu akakhala ndi mwayi. Timu ikagonja m'masewero awiri opezera malo, inkapachika nsapato kwa zaka zinayi. Nanga nduna ya zamasewero kapena kampani iti ingaike ndalama pa timu yosewera kawiri pa zaka zinayi?

Chachinayi n'chosangalatsa. Kummwera kuno, mayiko omwe afika patali ndi olankhula Chipwitikizi, Mozambique ndi Angola. Si zangozi. M'mizinda ngati Maputo ndi Luanda muli chikhalidwe chakale cha masewero a m'holo: basiketibolo, hoke ya pa nsapato zamatayala, ndi mpira wa m'holo womwe anatengera ku Portugal ndi Brazil. Angola inachititsa ngakhale chikho cha dziko lonse cha hoke imeneyi mu 2013. Kumene kuli holo, makalabu ndi anthu ozolowera kulipira pakhomo kukaonera masewero a m'nyumba, futsal imapeza nthaka. Ife amene tinalamulidwa ndi Angerezi tinalandira bwalo la kapinga ndi bwalo la ntchemberembaye, ndipo holo tinaisiyira misonkhano, maukwati ndi mayeso.

Johannesburg, 2016

Kwa ife a m'chigawo chino, 2016 ndi chaka choyenera kuchikumbukira, ngakhale ndi ochepa amachikumbukira. Masewero anachitikira ku Ellis Park Arena ndi ku Wembley. Mwa matimu asanu ndi atatu, anayi anali a kummwera: South Africa, Mozambique, Zambia ndi Angola. Awiri mwa iwo anafika mu semifainolo. Masewero olimbirana malo achitatu anali a pachibale, Mozambique ndi Zambia, ndipo mphotho yake inali tikiti yopita ku chikho cha dziko lonse ku Colombia. Anafanana mphamvu mpaka mapenate, Mozambique n'kupambana. Zambia inatsala pang'onong'ono kuchita chinthu chomwe Chipolopolo ya osewera 11 sinachitepo, kukasewera chikho cha FIFA cha akuluakulu aamuna.

Ku Colombia Mozambique inagonja masewero onse atatu, ndipo Brazil inaithira zigoli 15 kwa zitatu. Izi siziyenera kutichititsa manyazi. Zinangoonetsa mtunda womwe unalipo, ndipo mtunda umatha poyenda. Pa mpikisano womwewo Egypt inatulutsa Italy n'kufika mu kotafainolo, kusonyeza kuti timu ya mu Africa ingathe.

Eni nyumba, South Africa, sanatuluke m'gulu lawo. Chodabwitsa n'chakuti chaka chomwecho, mu Okutobala, Mamelodi Sundowns ya muno mu Pretoria inatenga chikho cha makalabu cha CAF Champions League. Dziko lomwelo, chaka chomwecho, bungwe la mpira lomwelo. Ndalama zilipo, luso lilipo, maholo alipo m'mayunivesite ndi m'masukulu. Dziko lomwe lili ndi zonse zofunika kuti lilimbane ndi Morocco pa futsal ndi lino. Mpikisano wa 2016 unayenera kukhala maziko. Zomwe zinachitika patapita zaka zinayi zinaugwetsa.

Laayoune ndi Pretoria

Laayoune ndi mzinda waukulu wa Western Sahara. Derali linkalamulidwa ndi Spain, ndipo bungwe la United Nations linaliika pa mndandanda wa madera osadzilamulira kuyambira 1963. Spain itayamba kuchoka kumapeto kwa 1975, Morocco inalowa. Gulu la Polisario linalengeza dziko la Sahrawi pa 27 Febuluwale 1976, nkhondo inabuka, ndipo inaima mu 1991 pa lonjezo la riferendamu yomwe sinachitike. Bungwe la OAU litalandira dziko la Sahrawi ngati membala, Morocco inatuluka mu 1984, n'kudzabwerera mu African Union mu Januwale 2017. Morocco imati Laayoune ndi mzinda wake. Asahrawi ndi owathandiza amati ndi dziko lolandidwa.

Mwa owathandizawo, mmodzi wa amphamvu kwambiri mu Africa ndi South Africa, yomwe inavomereza dziko la Sahrawi mu Sepitembala 2004, nthawi ya Thabo Mbeki. Ofesi ya kazembe wa Sahrawi ili muno mu Pretoria. Mu Marichi 2019, mayiko a SADC anachita msonkhano wosonyeza umodzi ndi anthu a ku Western Sahara, ndipo unachitikira mumzinda uno, ku likulu la unduna woona za ubale ndi mayiko ena. Chaka chisanathe, CAF inatumiza mpikisano wa futsal ku Laayoune.

Timu ya South Africa inali itapeza kale malo pogonjetsa Mauritius. Masabata ochepa masewero asanayambe, mu Januwale 2020, bungwe la SAFA linalengeza kuti timu sipita, motsatira mfundo za boma pa nkhani ya Western Sahara. CAF inaitana Mauritius kuti ilowe m'malo. Mauritius inapita, inasewera masewero amodzi, kenaka nayonso inatuluka. CAF inalipiritsa SAFA chindapusa cha madola 75,000 a ku America ndi kuiletsa kusewera m'mipikisano iwiri yotsatira.

Pano ndiye pofunika kugamula, ndipo sindikufuna kuzemba. Wolakwa woyamba ndi CAF. Atsogoleri ake ankadziwa bwino lomwe kuti mamembala awo ndi ogawanika pa nkhani ya Laayoune. Ankadziwa kuti alipo mabungwe omwe boma lawo silingalole timu kupondako. Kuika mpikisano pamalo otere n'kusankhiratu kuti ena asabwere, kenaka n'kuwalanga chifukwa chosabwera. Ndipo tidzifunse: kodi akanayerekeza kuika fainolo ya chikho chachikulu cha AFCON kumeneko? Ndikukayika. Anasankha futsal chifukwa ndi masewero omwe palibe amawayang'ana, oti phokoso lake silidutsa sabata. Mpikisano wosauka unagwiritsidwa ntchito ngati chidindo pa mkangano wa malire.

Amene amati ndale zisalowe m'masewero aiwala kumene CAF inachokera. Bungweli linakhazikitsidwa ku Khartoum mu 1957 ndi mayiko anayi: Egypt, Sudan, Ethiopia ndi South Africa. Pa mpikisano woyamba wa chaka chomwecho South Africa sinasewere, chifukwa inakana kutumiza timu yosakaniza akuda ndi azungu. Kwa zaka zoposa 30 Africa inagwiritsa ntchito mpira pomenyana ndi tsankho la boma lomwe linkalamulira kuchokera muno mu Pretoria, ndipo lero timanyadira kuti inatero. Choncho South Africa ikanena kuti pali malo omwe singapondeko, ikulankhula chilankhulo chomwe Africa yomweyi inaiphunzitsa. Dziwaninso kuti sinakane Morocco ngati dziko. Banyana Banyana inapita ku Rabat mu Julayi 2022 n'kutenga chikho cha amayi pogonjetsa Morocco 2-1. Chomwe inakana ndi Laayoune.

Komabe sindingaimbe m'manja popanda kufunsa: ndani analipira? Sanali nduna, sanali akuluakulu a SAFA, sanali Bafana Bafana. Anali anyamata ochepa omwe mayina awo sadziwika ngakhale kwa okonda mpira a ku Mamelodi kapena ku Atteridgeville, omwe anali atapambana pabwalo, n'kutsala masewero ochepa kuti alimbirane malo ku chikho cha dziko lonse ku Lithuania. Mpikisano wa 2024 unachitikira ku Rabat, kumene akanatha kupita popanda vuto, koma South Africa kunalibe. Pa mpikisano womwe unkachitika zaka zinayi zilizonse, chiletso cha kawiri si chilango cha timu ayi, ndi kufafaniza m'badwo wonse wa osewera. Akuluakulu amati nkhuyu zodya mwana zinapota akulu. Apa zinatembenuka, nkhuyu anadya akulu, opotedwa n'kukhala ana.

Mfundo imalemera ngati amene waigwira ndi amene akumva kuwawa kwake. Mu 1996 Nigeria, yomwe inali ndi chikho cha AFCON m'manja, inakana kubwera ku South Africa chifukwa cha mkangano wa pakati pa Sani Abacha ndi Nelson Mandela pa kuphedwa kwa Ken Saro-Wiwa, ndipo CAF inailetsa mpikisano wa 1998. Mfundo ya Abacha inali yoipa, koma dziko lonse la Nigeria linaona mtengo wake ndipo linakambirana. Kunyanyala kwa 2020 kunali ndi chifukwa chomveka, koma kunali kotchipa kwa olamula. Boma ndi bungwe zomwe zimauza wosewera kuti ataye mwayi wa moyo wake chifukwa cha chilungamo zili naye ngongole: ligi yolimba ya m'dziko, masewero apaubale ndi mayiko ena, mphunzitsi wolembedwa ntchito, kuti chiletso chikadzatha padzakhale timu. Mulingo woyezera ngati Pretoria inachita zimenezi ndi mtima wonse si mawu a mu Januwale 2020, koma timu yomwe idzaime pabwalo tsiku lobwerera.

Ife a ku Malawi ndi ku Zambia tisathamangire kuloza chala. Zambia inatsegula ofesi ya kazembe wamng'ono ku Laayoune mu Okutobala 2020, ndipo Malawi inachita chimodzimodzi mu Julayi 2021. Maboma athu anasankha mbali yosiyana ndi ya South Africa, ngakhale tonse tili mu SADC. Amalawi tikudziwanso kuti si koyamba kuyenda njira yathuyathu: mu 1967 boma la Kamuzu Banda linakhazikitsa ubale ndi boma latsankho la mzinda uno pamene anzathu ankalikana. Sindikunena kuti nkhani ziwirizi ndi zofanana. Ndikungoti amene ali ndi mbiri yotere ayenera kulankhula modzichepetsa pa nkhani ya kunyanyala.

Ulemu wa Morocco

Pali chiyeso chonena kuti Morocco imapambana chifukwa ili ndi mphamvu m'maofesi a CAF. N'zoona kuti Fouzi Lekjaa, mtsogoleri wa bungwe la mpira la dzikolo kuyambira 2014, ndi mmodzi mwa anthu amphamvu mu mpira wa Africa, ndipo n'zoona kuti Morocco imalandira mipikisano yomwe ena amaikana. Koma pabwalo zifukwa zimenezi sizigwira. Chikho choyamba Morocco inachitengera ku Johannesburg, kutali ndi kwawo, m'dziko lomwe silimvana nalo pa ndale. Ndipo muyeso weniweni uli kunja kwa Africa. Ku Lithuania mu 2021 inafika mu kotafainolo n'kugonja 1-0 kwa Brazil. Ku Uzbekistan mu 2024 inafikanso mu kotafainolo n'kugonjanso kwa Brazil, 3-1, ndipo Brazil ndiyo inatenga chikhocho. FIFA itatulutsa koyamba mndandanda wa matimu a futsal mu 2024, Morocco inali m'gulu la khumi oyambirira padziko lonse.

Chinsinsi chake sichobisika. Mphunzitsi Hicham Dguig anatenga timu mu 2010 ndipo zikho zonse zitatu ndi zake. Mu 2012 ndi mu 2016 timu yake inagonja masewero onse a m'gulu ku chikho cha dziko lonse, koma sanachotsedwe ntchito. Ndi mabungwe angati kuno kwathu omwe akanadekha chotero? Dzikolo lili ndi ligi ya futsal, osewera ake ena ali m'makalabu a ku Ulaya, ndipo timu imasewera pafupipafupi ndi mayiko amphamvu m'malo modikira zaka zinayi. Mu Epulo 2025, CAF itachititsa koyamba chikho cha futsal cha amayi ku Rabat, Morocco inachitenganso, pogonjetsa Tanzania 3-2. Munthu angadane ndi zomwe zinachitika ku Laayoune n'kuvomerezabe kuti timu ya Dguig ndi yabwino koposa yomwe Africa yatulutsapo pa masewerowa. Zonse ziwiri ndi zoona.

Vuto n'lakuti katswiri wopanda womuvuta safika patali, ndipo mpikisano wodziwikiratu mwini wake umatha kukoma. Mafainolo a 2020 ndi 2024 anatha 5-0 ndi 5-1. Mu 2024 Zambia, yomwe inatulutsa Mozambique m'masewero opezera malo, inagonja 13-0 kwa Morocco m'gulu. Zigoli zotere sizikomera aliyense, ngakhale wopambanayo.

Nanga ife?

Malawi sinafikepo mu ndime yotsiriza ya mpikisanowu pa zaka zonse tatchulazi. Ichi ndi chinthu chomwe chimandipweteka kwambiri, chifukwa ngati pali masewero oyenera dziko ngati lathu, ndi awa. Mwana wa ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi amakula akumenya mpira wachikulunga pa kabwalo kopapatiza pakati pa nyumba, atatu kwa atatu, magolo a njerwa. Mpira wake sunjanja, malo ndi ochepa, ayenera kuganiza msanga ndi kugwiritsa ntchito kuphazi. Mwanayo akusewera kale futsal, kungoti palibe wamuuza dzina lake. Akafika zaka 13 timamuponya pa bwalo la mamita 100 lodzaza mabampu, n'kumuuza kuti azimenya mpira m'mwamba.

Bwalo la mpira waukulu lovomerezeka ndi CAF limadya mabiliyoni, ndipo tikudziwa momwe tavutikira kukhala nalo loposa limodzi. Bwalo la futsal ndi lalikulupo pang'ono kuposa la ntchemberembaye, ndipo mabwalo a simenti a ntchemberembaye ndi basiketibolo alipo m'masukulu ambiri a sekondale. Ku Lilongwe kuli holo ya Griffin Saenda yomwe inamangidwa chifukwa cha masewero a achinyamata a Region 5 a mu 2022. Ulendo wa timu ya anthu 14 ndi wotchipa kuposa wa anthu 23. Chipata ndi Tete zili pafupi, ndipo Zambia ndi Mozambique zili ndi matimu omwe afikapo mu semifainolo. Mu 2024 Namibia ndi Mauritania zinafika ku Rabat koyamba. Ngati iwo anatha, palibe chifukwa cha chilengedwe chotiletsa ife.

Zofunika kuchita sizovuta kuzitchula. Mpikisano uzichitika zaka ziwiri zilizonse, osati pongofuna oimira ku FIFA. Matimu aonjezereke. Chigawo chilichonse, kuphatikizapo COSAFA, chikhale ndi chikho chake chokhazikika, kuti timu yogonja isamadikire zaka zinayi. CAF isaikenso mpikisano pamalo omwe ikudziwa kuti mamembala ena sangapondeko, ndipo chilango chotengera zochita za boma chisamagwere wosewera kwa zaka zisanu ndi zitatu. Kuyambira Marichi 2021 mtsogoleri wa CAF ndi Patrice Motsepe, yemwe banja lake ndi eni ake a Mamelodi Sundowns. Anasankhidwa ku Rabat, koma timu yake imasewera pa Loftus Versfeld, pafupi ndi pamene ndikulemba izi. Ngati pali munthu woyenera kumvetsa mbali zonse ziwiri za nkhaniyi, ndi iyeyo.

Mnyamata uja anandifunsa kuti chikhochi amamwera ndani. Yankho ndi lakuti amamwera amene anamanga holo, kulemba mphunzitsi ndi kudikira zaka khumi. Lamulungu lotsatira ndinabwera ndi mpira wa futsal womwe ndinagula m'tauni. Anaukankha kawiri katatu n'kudandaula kuti ndi wolemera, ngati wachikulunga wonyowa ndi mvula. Patapita mphindi khumi palibe amene anafunsanso za mpira wakale uja.